Khoti Lavomera, Nanga Viza ndi Unzika? Mafunso ndi Mayankho pa za Ana Otengedwa Kupita ku America

Chithereni nkhondo ya ku Korea mu 1953, mabanja a ku America akhala akutenga ana obadwira m'mayiko ena kuti akhale awoawo mwalamulo. Mu 2004 mokha adalowa ana pafupifupi 23,000, ambiri mwa iwo ochokera ku China, Russia, Guatemala ndi South Korea. Masiku ano chiwerengerocho sichifika n'komwe pa 2,000 pachaka, poti mayiko angapo adatseka njirayi ndipo malamulo adakhwima. Anthu akamakambirana nkhaniyi amagawanika pawiri: ena amati malamulowo ndi ouma mtima, ena amati ndi olekerera. Onse ali ndi pogwira, kungoti akunena za nthawi zosiyana m'moyo wa mwanayo. Pamene ndikuima m'mayankho otsatirawa ndi apa: boma lifufuze mosanyengerera mwana asanachoke kwawo, koma likangomulola kulowa ngati mwana wa nzika yake, lisamusiyenso m'malere pa nkhani ya unzika. Dziko la America lidachedwa kuphunzira mbali yoyamba, ndipo yachiwiriyo silidaimalize mpaka lero.

Khoti la kwawo kwa mwana likagamula kuti mwanayo ndi wa makolo atsopano, chimatsala n'chiyani kuti akwere ndege?

Chimatsala n'chambiri, ndipo mabanja ambiri amapunthwira pomwepa. Pali makomo atatu, lililonse ndi mwini kiyi wake. Loyamba ndi chigamulo cha khoti, chimene chimadula ubale wa pamalamulo pakati pa mwana ndi omubereka n'kuupereka kwa omulera. Lachiwiri ndi viza yolowera ndi kukhazikika m'dziko la makolo atsopanowo. Lachitatu ndi unzika. Woweruza wa ku Lilongwe, Lusaka kapena Bogotá mphamvu zake zimathera pa khomo loyamba; sangalamule a ku ofesi ya kazembe wa America kuti adinde viza. Zimenezo zili m'manja mwa nthambi ziwiri za boma la America: USCIS, imene imaona za olowa m'dziko ndi unzika, ndi Department of State, imene imayendetsa maofesi a akazembe. Nthambi zimenezi zimayang'ana lamulo lawo lotchedwa Immigration and Nationality Act, ndipo zikapeza kuti mwanayo sakukwanira m'lamulo limenelo, viza sizipereka ngakhale chigamulo cha khoti chikhale chosainidwa ndi kudindidwa bwino chotani.

Ngakhale khomo loyambalo lili ndi malamulo akeake okhudza kumene munthu amakhala, ndipo Amalawi adaziona poyera. Pa 3 Epulo 2009, woweruza Esme Chombo adakana pempho la woimba Madonna lofuna kutenga mwana wachiwiri, ponena kuti lamulo la Adoption of Children Act limafuna kuti wopemphayo akhale munthu wokhala m'Malawi. Pa 12 Juni chaka chomwecho, bwalo la Supreme Court of Appeal, motsogozedwa ndi Lovemore Munlo, lidasintha chigamulocho pomasulira kukhala m'dziko mofewerapo. Komanso dziko la mwana lingathe kutseka njira potulukira. Mu Seputembala 2013 boma la Democratic Republic of Congo lidaleka kupereka zilolezo zotulukira kwa ana otengedwa ndi anthu akunja, ndipo ana mazanamazana amene makhoti adali atawapereka kale kwa mabanja a ku America ndi ku Ulaya adakhala m'dzikomo zaka ziwiri kapena kuposa, ali ndi makolo papepala koma osatha kukakhala nawo.

Nanga lamulo la America lili ndi njira ziti zoti mwana wotereyu alowere?

Njira zake n'zitatu, ndipo sasankha ndi kholo ayi, chimasankha ndi dziko limene mwanayo amakhala. Yoyamba ndi ya pangano la ku The Hague, limene lidakhazikitsidwa pa 29 Meyi 1993 ndipo lidayamba kugwira ntchito ku America pa 1 Epulo 2008. Ngati dziko la mwana lili m'panganoli, monga South Africa kuyambira 2003 ndi Zambia kuyambira 2015, kholo limayamba ndi fomu ya I-800A. Akatswiri ovomerezeka amapita kunyumba kwake kukaona mmene amakhalira, amafufuza za ndalama zake, umoyo wake ndi mbiri yake kupolisi. Kenaka ofesi yaikulu ya boma la kwawo kwa mwana ndi imene imasankha mwana woyenera banjalo n'kulemba lipoti la mbiri yake. USCIS imaunika lipotilo pa fomu ya I-800, ndipo mkulu wa ku ofesi ya kazembe amalemba kalata yotsimikiza kuti mwanayo akuoneka woyenera kulandira viza. Pokhapo m'pamene kholo limaloledwa kupita kukhoti. Ndondomekoyi ili ndi nzeru yake: funso la viza limayankhidwa khoti lisanadule ubale wa mwana ndi abale ake.

Njira yachiwiri ndi ya mayiko amene sali m'panganoli, monga Malawi. Mafomu ake ndi I-600A ndi I-600, ndipo mwana ayenera kukwanira pa zimene lamulo la America limamuyesera mwana wamasiye: makolo onse awiri adamwalira, adasowa kapena adamutaya, kapenanso kholo limodzi lotsala silingathe kumusamalira ndipo lalemba kuti lamupereka kosamubwezanso. Pempho liyenera kuperekedwa mwana asanakwanitse zaka 16, kapena 18 ngati mbale wake wobadwa naye watengedwa ndi banja lomwelo. Vuto la njirayi ndi lakuti kawirikawiri kufufuza komaliza kwa a ofesi ya kazembe kumabwera khoti litagamula kale, choncho munthu angapezeke ndi mwana wake mwalamulo amene sangalowe naye m'dziko lake. Njira ziwirizi ndi za nzika za America zokha. Yachitatu, ya fomu ya I-130, ndi yotseguka ngakhale kwa okhala ndi green card, chilolezo chokhazikika m'dzikomo: mwana akhale kuti adatengedwa asanafike zaka 16, ndipo wakhala m'manja mwa khololo mwalamulo ndi kugona nalo nyumba imodzi kwa zaka ziwiri zathunthu.

Bwanji kuvutitsa chonchi anthu amene akungofuna kuthandiza mwana?

Chifukwa mbiri yaonetsa mobwerezabwereza kuti pamene pali mabanja olemera ofuna ana ndi mabanja osauka okhala ndi ana, pakati pamabadwa msika, ndipo mtima wabwino wa wolandira sumuteteza mwana ku chinyengo cha apakati. Ku Guatemala, kumene ntchitoyi inkayendetsedwa ndi maloya ndi manotale osati boma, cha m'ma 2007 ana oposa 4,000 ankapita ku America pachaka. Kudamveka nkhani za amayi ogulidwa, amayi oopsezedwa ndi makanda obedwa, moti ofesi ya kazembe idafika pofuna kuyeza DNA kuti itsimikize ngati mayi wosaina kalata ndiyedi adabereka mwanayo. Mu 2008 njirayo idatsekedwa. Ku Cambodia boma la America lidaimitsa kupereka maviza otere mu Disembala 2001 litapeza zikalata zabodza zosandutsa ana okhala ndi makolo kukhala amasiye. Ku Chad mu Okutobala 2007 anthu a bungwe la ku France la L'Arche de Zoé adagwidwa akufuna kukweza ndege ana 103 amene ankati ndi amasiye a ku Darfur, koma zidadziwika kuti ambiri adali a ku Chad komweko ndipo adali ndi abale amoyo. Ku Haiti, patangotha masabata ochepa chichitikire chivomerezi cha Januwale 2010, gulu la a tchalitchi ochokera ku Idaho m'dziko la America lidaimitsidwa pamalire ndi ana 33, ambiri a iwo okhala ndi makolo.

Wina angati zimenezi ndi za mayiko osokonekera okha, koma South Korea si dziko losokonekera. Ana pafupifupi 200,000 adachoka kumeneko chithereni nkhondo, ndipo mu Malichi 2025 komiti ya boma yofufuza zoona za mbiri yakale idalengeza kuti padali kuphwanya ufulu: ana kulembedwa ngati otayidwa pamene makolo adalipo, mayina kusinthanitsidwa, ndi boma kulekerera mabungwe. N'chifukwa chake pangano la ku The Hague limalamula kuti mayi avomereze mwana atabadwa kale osati ali m'mimba, kuti chivomerezocho chisagulidwe ndi ndalama, ndi kuti ofuna mwanayo asakumane ndi omubereka ndondomeko isanafike pena pake, pokhapokha ngati ndi pachibale. Mkulu wa viza akamafunsa chikalata cha imfa ya mayi kapena kutuma munthu kumudzi kukafunsa anansi, sakukayikira chikondi cha kholo latsopano. Akuteteza mayi amene sali m'chipindamo, amene mwina adauzidwa kuti mwana wake akungopita kusukulu ndipo adzabwerera.

Koma kukhwimitsa kumeneku sikukusiya ana enieni amasiye akukulira m'malo osungira ana?

Funsoli n'lolemera ndipo silifuna kuyankhidwa mwachibwana. N'zoona kuti mwezi uliwonse umene khanda likhala m'malo osungira ana, kumene olera amasinthana mashifiti, umalipweteka. Kafukufuku wodziwika wa ku Bucharest, amene adatsata ana a m'malo otere ku Romania kuyambira cha m'ma 2000, adaonetsa kuti ana amene adapita m'mabanja adakali aang'ono adakula bwino m'nzeru ndi m'maganizo kuposa amene adatsalira. N'zoonanso kuti mayiko ena adatseka njirayi pa zifukwa zosakhudza mwana: Russia idaletsa anthu a ku America kutenga ana kuyambira mu Januwale 2013 pobwezera zilango zimene America idaika kwa akuluakulu ake. Ethiopia idatseka mu 2018, China mu 2024. Pakati pa ana amene adatsekeredwa padali olumala ndi okulirapo amene mwayi wawo wopeza banja kwawo ndi wochepa.

Komabe mfundo imeneyi ikutiuza kuti kufufuza kuzichitika msanga, osati kuti kusachitike. Kuchedwa kwambiri kumabwera chifukwa cha maofesi opanda antchito okwanira ndi mayiko opanda kaundula wodalirika wa obadwa ndi omwalira, ndipo mankhwala ake ndi kuika ndalama m'maofesi amenewo. Tisaiwalenso kuti ana ambiri a m'malo osungira ana ali ndi kholo limodzi kapena wachibale wamoyo, ndipo chidawapititsa kumeneko ndi umphawi. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, m'ndime 21, limati kutumiza mwana kunja kuganiziridwe ngati sangathe kusamalidwa moyenera kwawo, ndipo pangano la mayiko a mu Africa la ufulu ndi chisamaliro cha ana la 1990, m'ndime 24, limanenetsa kuti ikhale njira yomaliza. Chofunikanso kuona n'chakuti zimene zidatseketsa njira ku Guatemala ndi Cambodia sikudali kufufuza kochuluka. Kudali kulekerera kwa zaka zambiri kumene kudabala manyazi aakulu, boma n'kusowa chochita koma kutseka zonse. Amene akufuna kuti mwana wosowadi banja akhale ndi mwayi wopita kunja ayenera kukhala woyamba kufuna malamulo okhwima, chifukwa ndi okhawo amene amasunga njirayo yotseguka.

Nanga malume kapena azakhali okhala ku America akafuna kutenga mwana wa mbale wawo kumudzi?

Apa ndi pamene lamulo la America limawombana ndi kaleredwe ka ana ka m'madera ambiri a mu Africa. Kwathu timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo sizodabwitsa kuti mwana akulire kwa malume ake m'tauni makolo ake ali moyo, popanda pepala lililonse. Lamulo la viza siliona kulera koteroko. Limafuna chigamulo cha khoti, ndipo pa njira ya ana amasiye limanena mosabisa kuti makolo awiri amoyo akapereka mwana wawo mwachindunji kwa munthu amene amusankha, kumeneko si kutaya mwana, choncho mwanayo sayesedwa wamasiye. Mwana amene bambo ake adamwalira ndipo mayi ake akulephereratu kumusamalira angathe kukwanira. Mwana wa makolo awiri osauka amene akungofuna kuti akaphunzire bwino, m'dziko losakhala m'pangano la ku The Hague, sakwanira. Yotsala ndi njira ya zaka ziwiri ija, imene imafuna kuti malumeyo akakhale ndi mwanayo nyumba imodzi, ndipo ngati omubereka akukhala pakhomo pomwepo, a USCIS amafunsa umboni wakuti amene ankalamula pa moyo wa mwanayo tsiku ndi tsiku ndi malumeyo.

Anthu ambiri amaona kuti lamuloli n'lokondera, poti mlendo wosadziwana ndi mwana amapeza njira pamene wachibale amasowa. Dandaulolo lili ndi maziko, ndipo malamulo okomera achibale enieni a ana amasiye angathe kufewetsedwa popanda kuika mwana pangozi. Koma pali chinthu chimene mabanja ayenera kumvetsa asanapite kukhoti. Kutenga mwana mwalamulo si njira yopezera sukulu kapena viza. Ndi kusintha makolo. Lamulo la America limanena kuti mwana akalowa kudzera m'njira zimenezi, omubereka sadzapezanso mwayi uliwonse wa viza kudzera mwa iye, ngakhale atakula n'kukhala nzika. Ndipo kunama pa fomu, monga kulemba kuti mayi adamwalira pamene ali moyo, kungathe kugwetsa zonse zimene zamangidwa pamwamba pa bodzalo patapita zaka zambiri. Wovutika pa tsikulo amakhala mwanayo, amene sadasaine chilichonse.

Mwana akatsika ndege ku America, ndiye kuti wasanduka nzika?

Zimatengera zilembo zimene zili pa viza yake. Lamulo la Child Citizenship Act, limene pulezidenti Bill Clinton adasaina mu Okutobala 2000 ndipo lidayamba kugwira ntchito pa 27 Febuluwale 2001, limati mwana amakhala nzika popanda kupempha zinthu izi zikakwanira pamodzi: kholo limodzi ndi nzika, mwanayo sadakwanitse zaka 18, walowa ndi chilolezo chokhazikika, akukhala m'dzikomo m'manja mwa kholo lakelo, ndipo kumutenga mwalamulo kudamalizika. Mwana wa viza ya IR-3 kapena IH-3 ndi amene nkhani yake idathera kukhoti la kwawo. Ameneyu amakhala nzika akangololedwa kulowa kudzakhala ndi makolo ake, ndipo chikalata chake cha unzika chimatumizidwa kunyumba. Mwana wa viza ya IR-4 kapena IH-4 ndi amene wabwera nkhani isadathe, mwina chifukwa dziko lake lidangopereka mphamvu zomulera. Ameneyu amalandira green card, ndipo unzika umadikira kuti makolo apite kukhoti la m'dera lawo kukamaliza.

Mpata woopsa uli pomwepa. Makolo akaiwala, akazengereza, akasudzulana, akamwalira kapena akamutaya mwanayo, iye n'kufika zaka 18 nkhani isadamalizike, mwayi wa unzika wongobwera wokha umatha. Amatsala mlendo wokhala ndi chilolezo, amene adzayenera kupempha unzika ngati wina aliyense. Mpata wina waukulu kuposa uwu ndi wakuti lamulo la 2000 lidangokhudza amene adali asanakwanitse zaka 18 pa tsiku limene lidayamba kugwira ntchito. Onse obadwa chisanafike chakumapeto kwa Febuluwale 1983 adatsala kunja. Kwa iwo unzika unkadalira kuti makolo alembe fomu yapadera, ndipo ambiri sadalembe, ena posadziwa, poganiza kuti chigamulo cha khoti chidakwanira. Palinso ena amene adalowetsedwa ndi maviza a alendo ongocheza kapena odzalandira chithandizo cha kuchipatala, amene ngakhale green card alibe. Ambiri amadzazindikira ali akuluakulu, pamene akufuna pasipoti, ntchito ya m'boma kapena ndalama za penshoni.

Kodi green card si yokwanira? Munthu amagwira ntchito, amaphunzira, amakhala mpaka kale.

Mawu akuti mpaka kale ndi amene amanyenga. Chilolezo chokhazikika chimatha kulandidwa, unzika wa mwana wobadwira m'dzikomo sulandidwa. Wokhala ndi green card savota pa zisankho za dziko, ndipo akavota molakwitsa poganiza kuti ndi nzika, cholakwacho chingamuike m'mavuto aakulu. Akakhalitsa kunja angayesedwe kuti adasiya chilolezo chake. Choopsa kwambiri n'chakuti malamulo awiri a mu 1996 adakulitsa mndandanda wa milandu imene imachititsa kuti mlendo athamangitsidwe, ndipo adachepetsa mphamvu za oweruza zoti aganizire za moyo wonse wa munthuyo asanagamule.

Nkhani ya Adam Crapser ikuonetsa mmene zimenezi zimagwirira ntchito. Adachoka ku South Korea mu 1979 ali ndi zaka 3. Banja loyamba lidamusiya, kumulekanitsa ndi mlongo wake; makolo a banja lachiwiri adapezeka olakwa kukhoti pa milandu yozunza ana. Pa mabanja awiriwo palibe limene lidamulembera unzika. Atakula adapalamula milandu ingapo, kuphatikizapo kuthyola nyumba ya makolo omuzunzawo kuti akatenge zinthu zimene adabwera nazo kuchokera ku Korea, ndi ina yokhudza ndewu ndi mfuti. Zilango zake adagwira. Atapita kukakonzetsa green card yake, mbiri imeneyo idatulukira, ndipo mu Novembala 2016, ali ndi zaka 41, adatumizidwa ku South Korea, dziko limene chilankhulo chake sankachidziwa, kusiya mkazi ndi ana. Mu 2019 adasumira boma la Korea ndi bungwe loyendetsa zotenga ana la Holt Children's Services. Khoti la ku Seoul mu Meyi 2023 lidalamula bungwelo kuti limulipire ndalama za won zokwana 100 miliyoni, koma khoti la apilo lidasintha chigamulocho mu Januwale 2025. Mayiko awiri, mabungwe, makhoti ndi mabanja awiri adagwira nawo ntchito yomusamutsa ali wamng'ono, koma mlandu wa fomu yosalembedwa udagwera iye yekha.

Koma bwanji dziko lipereke unzika kwa munthu wamkulu amene adaphwanya malamulo ake?

Ili ndi funso limene lakhala likuimitsa bilu ya Adoptee Citizenship Act, imene idaperekedwa koyamba ku Congress, nyumba ya malamulo ya America, mu 2015 ndipo yabwerezedwa kangapo, mothandizidwa ndi aphungu a zipani zonse ziwiri. Mu 2022 idadutsa ku House of Representatives itaphatikizidwa m'bilu ina yaikulu, koma sidapezeke m'lamulo lomaliza. Otsutsa amati unzika ndi mphatso imene dziko lili ndi ufulu wokaniza wachifwamba. Mfundoyo imagwira pa munthu amene adasankha yekha kubwera ali wamkulu, podziwa zimene chilolezo chake chimafuna. Pa mwana wa zaka 3 sigwira. Iye sadapemphe viza, sadasankhe dziko, ndipo chigamulo chimene chidamupatsa makolo atsopano chidamulanda akale pamodzi ndi chilankhulo ndi abale. Tanthauzo lonse la kutenga mwana mwalamulo ndi lakuti akhale wofanana ndi wobadwira m'nyumbamo. M'banja limodzi, mwana wobereka akaba galimoto amapita kundende n'kubwerera kwawo. Woleredwa akaba galimoto yomweyo amapita kundende kenaka n'kutayidwa tsidya la nyanja. Kusiyana kumeneku sikuchokera pa kukula kwa mlandu, kukuchokera pa fomu imene munthu wina adalephera kulemba.

Palinso mfundo ya chilungamo pakati pa mayiko. Munthu wotereyu adaleredwa ndi mabanja a ku America, adaphunzira m'masukulu ake, adadutsa m'manja mwa maofesi ake osamalira ana. Ngati adakula wopweteka, adapwetekera kumeneko. Kumubweza ku Korea, Brazil kapena India ndi kupereka zotsatira zake kwa dziko limene lidamuona komaliza ali khanda. Ndipo Congress yomwe idavomereza kale mfundoyi mu 2000: mwana wa viza ya IR-3 wobadwa mu 1990 ndi nzika, apalamule asapalamule. Palibe chifukwa chomveka choti wobadwa mu 1982 ayezedwe ndi muyeso wina. Unzika sufafaniza mlandu. Wolakwa amaweruzidwabe ndi kulangidwa. Umangochotsa chilango chachiwiri chimene abale ake a m'nyumba imodzi sangachilandire.

Mayiko ena amachita bwanji, ndipo khoti la kwawo kwa mwana lingachitepo chiyani?

Britain imakhwimitsa kwambiri poyambira. Pansi pa lamulo la Adoption and Children Act la 2002, munthu wokhala m'dzikomo akabweretsa mwana kuchokera kunja asadayesedwe ndi kuvomerezedwa ndi akuluakulu oona za ana, wapalamula mlandu, ndipo boma lili ndi mndandanda wa mayiko amene lidawaikira ziletso zapadera, monga Cambodia, Guatemala, Nepal, Haiti, Ethiopia ndi Nigeria. Koma mwana wotengedwa kudzera m'pangano la ku The Hague amakhala nzika pa tsiku la chigamulo, ngati kholo ndi nzika ya Britain yokhala m'dzikomo. Canada kuyambira 2007 imalola makolo kupempha unzika wa mwana mwachindunji, osadzera kaye pa chilolezo chokhazikika. Zitsanzozi zikuonetsa kuti kukhwimitsa poyamba ndi kutsimikiza unzika pomaliza sizilimbana. Zonse zimachokera pa mfundo imodzi, yakuti zolakwa za akuluakulu zisalipidwe ndi mwana.

Woweruza wa m'dziko limene mwana akuchokera, kaya ndi ku Zomba kapena Kampala, sangasinthe malamulo a ku Washington, koma ali ndi mphamvu yofunsa asanasaine. Angafune kuona umboni wakuti boma la makolo atsopanowo lidawavomereza kale, angafunse mtundu wa viza imene mwanayo adzalandire, ndi tsiku limene adzakhale nzika. Ngati yankho ndi lakuti nkhaniyo ikamalizidwira kutsidya, angalamule kuti chikalata cha unzika chidzatumizidwe ku ofesi yoona za chisamaliro cha ana pa nthawi yoikika, ndipo ofesiyo isatseke fayilo chisanafike. Boma lingathenso kukana kugwira ntchito ndi bungwe limene lili ndi ana amene unzika wawo sudatsimikizike. Malamulo a viza amasintha kawirikawiri, choncho banja lililonse liyenera kufunsa ku ofesi ya kazembe lisanapite kukhoti, osati litachokako. Koma udindo waukulu uli pa dziko lolandira. Lidatuma akuluakulu ake kukafufuza mbiri ya mwanayo, lidayesa makolowo n'kuwapeza oyenera, lidadinda viza. Litachita zonsezo lilibenso chifukwa chomusiyira mwanayo kuti tsogolo lake lidalire kukumbukira kwa makolo amene boma lomwelo lidawasankha. Congress ingathetse vutoli ndi lamulo lalifupi lochotsa malire a zaka a mu 2001 ndi kupereka unzika pa tsiku lolowa kwa mwana aliyense wobwera ndi viza yotere, ndipo bilu yochotsa malirewo idalembedwa kale.